Mphindi Imodzi Yodziwira Ngati Mwana Akutha Kuwerenga

Pamisonkhano ya makomiti a chitukuko, nkhani ya maphunziro ikafika, zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi midadada ya makalasi, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi, mijigo ndi madesiki. Zonsezi ndi zofunika, ndipo ubwino wake ndi wakuti zimaoneka ndi maso komanso zimawerengeka. Koma pali funso lina limene silifunsidwa kwenikweni, ngakhale kuti ndilo limaulula ngati midadadayo ikugwira ntchito imene idamangidwira. Funsolo ndi ili: mwa ana amene ali m'kalasi ya Sitandade 2 kapena 3, ndi angati amene angatenge kankhani kamene sadakaonepo ndi kukawerenga okha, mosadodoma, ndi kumva zimene kakunena?

Yankho la funso limeneli sililira ndalama zambiri kapena akatswiri ochokera kutali. Mphunzitsi amene ali ndi pepala, cholembera ndi wotchi ya pafoni angathe kulipeza mwa kumvetsera mwana mmodzimmodzi kwa mphindi imodzi. Phunziro lino likufotokoza kayezedwe kameneka, tanthauzo la zotsatira zake, ndi thandizo loyenera mwana aliyense malinga ndi pamene wakodwa.

Kukula kwa vutoli

M'chaka cha 1994 boma lidachotsa sukulu fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Ana adalowa m'sukulu, koma aphunzitsi, mabuku ndi zipinda sizidachuluke pamlingo womwewo. Ngakhale ndondomeko ya boma imafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1 kapena 2.

Zotsatira zake zidayamba kuonekera poyera pamene dziko lino lidayamba kuyeza ana ndi njira yotchedwa EGRA m'chaka cha 2010. Njirayi imamvetsera mwana aliyense payekha akuwerenga mokweza. Lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la chaka cha 2018 lidanena kuti m'Malawi ana oposa anayi mwa asanu aliwonse omaliza Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi odziwika bwino. Kafukufuku wa m'mabanja wotchedwa MICS, amene ofesi ya boma yoona za kalembera idachita m'zaka za 2019 ndi 2020, adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo adali ndi luso loyambira la kuwerenga.

Pofuna kuthana ndi vutoli, Unduna wa Zamaphunziro udakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'chaka cha 2016, kuyambira ku Sitandade 1 ndi kukwera nayo mpaka ku Sitandade 4. Mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi adalembedwa mothandizana ndi bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, ndipo aphunzitsi adaphunzitsidwa kaphunzitsidwe katsopano. Komabe buku labwino likafika pasukulu, funso lija limatsalabe: kodi mwana uyu, wa pasukulu ino, akutha kuwerenga?

Kuwerenga mosadodoma ndi chiyani?

Akatswiri amagawa luso la kuwerenga m'magawo asanu: kumva ndi kusiyanitsa maliwu a m'mawu olankhulidwa, kudziwa liwu limene lembo lililonse limaimira, kuwerenga mosadodoma, kudziwa matanthauzo a mawu ambiri, ndi kumvetsa nkhani. Magawo asanuwa adadziwika kwambiri kuchokera m'lipoti la gulu la akatswiri la National Reading Panel la ku America m'chaka cha 2000. Kuwerenga mosadodoma kuli pakati pa magawowa, chifukwa ndiko kumalumikiza kudziwa malembo ndi kumvetsa nkhani.

Mwana wowerenga mosadodoma amachita zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, amatchula mawu molondola, osawonjezera kapena kudumpha. Chachiwiri, amawerenga paliwiro lofanana ndi la munthu amene akulankhula, osati lothamanga kapena lozereza. Chachitatu, mawu ake amamveka ngati a munthu amene akufotokoza nkhani: amapuma pang'ono pa mpatuliro, amaima pa mpumiro, ndipo amasintha kamvekedwe ka mawu akafika pa mfunsiro.

Liwiro limafunika chifukwa cha mmene ubongo umagwirira ntchito. Munthu amasunga zinthu zochepa zokha m'maganizo kwa kanthawi kochepa pamene akuwerenga. Mwana amene akulimbana ndi phatikizo lililonse amathera nzeru zake zonse pa kulumikiza malembo, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Akafunsidwa zimene wawerenga amangoti kukamwa yasa, ngakhale kuti mawu onse adawatchula bwino. Zili ngati wophunzira kupalasa njinga: masiku oyamba maso ake amakhala pa chiwongolero ndi mapedulo, ndipo saona kumene akupita. Miyendo ikazolowera, maso amamasuka kuyang'ana njira.

Zimene Chichewa chimafuna kwa mwana

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe, chifukwa chimalembedwa pafupifupi monga mmene chimatchulidwira. Chili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo ake pafupifupi onse amathera ndi vawelo. Mwana akadziwa maliwu a malembo ndi kalumikizidwe kake, angathe kuwerenga mawu ngakhale amene sadawaonepo.

Komabe pali malo atatu amene ana ambiri amapunthwa. Oyamba ndi maphatikizo a malembo ambiri monga nkhwa, ntchi, mphwa ndi ndwa. Mawu oti nkhwangwa ali ndi malembo asanu ndi anayi koma maphatikizo awiri okha, ndipo mwana amene adangozolowera ba, be, bi, bo, bu amaima akawaona. Achiwiri ndi malembo amene amasintha tanthauzo la mawu mwakachetechete: pala ndi phala, kola ndi khola, komanso kusiyana kwa ng mu ngoma ndi ng' mu ng'ombe. Achitatu ndi kutalika kwa mawu. Mawu amodzi oti sindinawaone ali ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, ndipo m'Chingerezi mfundo yomweyo imanenedwa ndi mawu asanu afupiafupi.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika poyeza. Mwana wowerenga mawu 40 a Chichewa pamphindi imodzi wagwira ntchito yaikulu kuposa wowerenga mawu 40 a Chingerezi. Choncho si bwino kutenga miyeso ya liwiro ya m'mayiko olankhula Chingerezi ndi kuweruzira nayo mwana wowerenga Chichewa. Kuwonjezera apo, Chichewa sichilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mawu oti mtengo amalembedwa chimodzimodzi kaya akunena za mtengo wa mango kapena mtengo wa feteleza, ndipo wowerenga amasankha katchulidwe koyenera pomva chiganizo chonse. Ichi ndi chifukwa china chimene kumvetsera kamvekedwe ka mawu a mwana kumaululira ngati akumva zimene akuwerenga.

Kayezedwe ka mphindi imodzi

Chinthu choyamba ndi kankhani koyenera. Kakhale ka mawu pakati pa 40 ndi 60, konena za zinthu zimene mwana amazidziwa, koma kakhale kamene sadakawerengepo m'kalasi. Mfundo imeneyi isanyalanyazidwe, popeza ana amene amabwereza tsamba limodzi onse pamodzi amaliloweza, ndipo ena amatha kulinena lonse maso ali kunja kwa zenera. Nachi chitsanzo cha kankhani ka mawu 40:

Mvula idagwa usiku wonse. M'mawa Chikondi adapita kumunda ndi agogo ake. Adapeza mbuzi ziwiri zikudya chimanga. Chikondi adazithamangitsa mpaka kumsewu. Pobwerera adaterereka m'matope ndipo zovala zake zidada. Agogo adaseka kenaka adamupatsa mango atatu. Madzulo onse awiri adakonza mpanda wa munda.

Mphunzitsi alembe kankhanika pamapepala awiri, lina la mwana lolembedwa ndi malembo akuluakulu ooneka bwino, lina lake lochongerapo. Akhale ndi mwanayo pamalo a phee, monga pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo amuuze kuti awa si mayeso okhoza kapena kulephera. Mwana wamantha amawerenga mochepera pa luso lake lenileni.

Mwana akatchula mawu oyamba, mphunzitsi ayambe kuwerenga nthawi. Adule mzere pa mawu aliwonse amene mwana walakwitsa kapena wadumpha. Mwana akalakwitsa ndi kudzikonza yekha, mawuwo awerengedwe kuti wakhoza. Akaima pa mawu amodzi kwa masekondi atatu, mphunzitsi amulozere mawu otsatira ndi kuchonga oyambawo ngati olakwa. Ngati mwana walephera mawu onse a mumzere woyamba, kuyezako kulekezere pomwepo ndipo athokozedwe, chifukwa kumupitiriza ndi kumuzunza chabe. Mphindi ikatha, mphunzitsi aike chizindikiro pa mawu omaliza amene mwana wafika.

Kuwerengetsa kwake ndi kosavuta. Mwana amene wafika pa mawu oti zidada wawerenga mawu 27. Ngati adalakwitsa atatu, ndiye kuti wawerenga molondola mawu 24 pamphindi imodzi. Mwana amene watsiriza nkhani yonse mphindi isadakwane, mawu amene wakhoza achulukitsidwe ndi 60 ndi kugawidwa ndi masekondi amene watenga. Wokhoza mawu 39 m'masekondi 45 ndiye kuti akuwerenga mawu 52 pamphindi.

Kenaka pepala lichotsedwe ndipo mwana afunsidwe mafunso a gawo lokhalo limene wawerenga. Mvula idagwa nthawi yanji? Chikondi adapita kumunda ndi yani? Adapeza chiyani kumundako? N'chifukwa chiyani zovala zake zidada? N'chifukwa chiyani adakonza mpanda? Funso lomalizali yankho lake silidalembedwe mwachindunji m'nkhaniyo, choncho limaonetsa mwana amene akuganizira zimene wawerenga. Kawirikawiri woyankha bwino mafunso anayi mwa asanu amatengedwa kuti wamvetsa nkhani.

Kwa ana amene sadathe kuwerenga kankhani, kuyeza kubwerere m'mbuyo sitepe imodziimodzi: mawu odziwika oima paokha, kenaka maphatikizo osakanizidwa, kenaka malembo. Pomaliza mphunzitsi awawerengere kankhani kena mokweza ndi kuwafunsa mafunso, kuti adziwe ngati akumva chiyankhulocho chikalankhulidwa.

Mphunzitsi wa ana 120 angaone ngati ntchitoyi ndi yosatheka, koma mwana mmodzi amatenga mphindi zitatu kapena zinayi zokha, kuphatikizapo mafunso. Kuyeza ana asanu ndi mmodzi patsiku, pamene ena akulemba ntchito, kumatsiriza kalasi yonse m'masiku 20 a sukulu. Kuchita zimenezi kamodzi pateremu kumapereka zotsatira zitatu pachaka za mwana aliyense.

Tanthauzo la zotsatira

Nambala payokha sithandiza mwana. Phindu lake ndi lakuti imasonyeza pamene mwanayo wakodwa, ndipo kawirikawiri ana amagawika m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la ana amene sadziwa maliwu a malembo, kapena amawadziwa koma satha kuwalumikiza kukhala maphatikizo. Amenewa kuwapatsa nkhani yaitali kuti abwereze sikuwathandiza. Ayenera kubwerera ku maliwu.

Gulu lachiwiri ndi la ana amene amalumikiza maphatikizo koma amalakwitsa kawirikawiri. Ena amaona phatikizo loyamba ndi kungoganizira mawu otsalawo, monga kuwerenga adapita pamene palembedwa adapeza. Lamulo lothandiza ndi lakuti mwana akamalakwitsa mawu oposa amodzi mwa khumi aliwonse, nkhaniyo yamukulira. Mwana uja wokhoza mawu 24 mwa 27 wadutsa pang'ono malire amenewa, choncho ayenera kupatsidwa nkhani zosavutirapo ndi kuphunzitsidwa maphatikizo amene akumuvuta.

Gulu lachitatu ndi la ana amene amawerenga molondola koma pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo. Amenewa adziwa kale njira, chimene akusowa ndi kuzolowera. Ndiwo amene amasintha msanga akapatsidwa mpata wowerenga tsiku ndi tsiku.

Gulu lachinayi ndi la ana amene amawerenga mofulumira ndi molondola koma sayankha mafunso. Apa mphunzitsi ayang'ane zotsatira za nkhani imene adawawerengera. Ngati mwana akulepheranso kumva nkhani yolankhulidwa, vuto lili pa chiyankhulo ndi kuchepa kwa mawu amene amadziwa. Izi zimachitika kawirikawiri kwa ana amene kwawo amalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe, Chitonga kapena chiyankhulo china, ndipo akukumana ndi Chichewa cha m'mabuku koyamba kusukulu. Ana otere si ofooka m'mutu. Akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuwerenga ndi chiyankhulo.

Pali ana ena amene sasintha ngakhale athandizidwe motani. Mwana wotere aonedwe ngati akuona ndi kumva bwino. Wobweretsa buku pafupi ndi mphuno, wotsinzinira poyang'ana pabolodi, kapena wotembenuza khutu limodzi pamene mphunzitsi akulankhula, ayenera kupita naye kuchipatala ndi kudziwitsa aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni.

Njira zothandizira mwana

Kwa gulu loyamba ndi lachiwiri, thandizo ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu tsiku lililonse m'kagulu kochepa, pogwiritsa ntchito makadi a malembo ndi maphatikizo. Makadiwa angathe kudulidwa kumakatoni akale kapena kulembedwa pazitsekerero za mabotolo. Mwana alumikize ma ndi la kukhala mala, asinthe phatikizo limodzi kukhala mame, kenaka alembe mawuwo pansi ndi chala kapena pasileti. Kulemba kumakhazikitsa zimene maso aona.

Kwa gulu lachitatu, njira yodalirika ndi kuwerenga mobwereza, imene katswiri wa ku America, S. Jay Samuels, adaifotokoza m'chaka cha 1979. Mwana amawerenga ndime yaifupi yomweyo katatu kapena kanayi mokweza, wina akumumvetsera ndi kumukonza, mpaka itayamba kumveka ngati kulankhula. Kenaka amatenga ndime ina. Lipoti la chaka cha 2000 lija lidapeza kuti kuwerenga mokweza mobwereza, pali munthu wotsogolera, kumatukula kulondola, liwiro ndi kumvetsa komwe. Kusiyana kwake ndi kuloweza ndi kwakuti maso ndi chala cha mwana zimakhala pa mawu amene akutchula, ndipo ndime zimasinthidwa pafupipafupi.

Kaphunzitsidwe ka m'mabuku a aphunzitsi a ndondomeko ya kuwerenga kamathandizanso pamenepa. Poyamba mphunzitsi amawerenga yekha kuti ana amve kawerengedwe kabwino, kenaka amawerenga pamodzi ndi ana, ndipo pomaliza ana amawerenga okha. M'makalasi odzaza, gawo lachitatuli ndilo limatayika, chifukwa nthawi imathera pa kuwerenga kwa onse pamodzi, kumene ana ochepa a kutsogolo amatsogolera ndipo ena amangotsatira phokoso. Njira yopulumutsira gawoli ndi kukhazika ana awiriawiri, wodziwa bwino ndi wotsalirako pang'ono, kuti azisinthana kuwerenga ndi kumvetsera pamene mphunzitsi akuyendera mizere.

Kwa gulu lachinayi, mphunzitsi afotokoze mawu atsopano awiri kapena atatu asadayambe nkhani, pogwiritsa ntchito zithunzi, zinthu zenizeni, kapena chiyankhulo cha kwawo kwa ana. Aziima pakati pa nkhani ndi kufunsa zimene zichitike kutsogolo, ndipo pomaliza mwana afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake. Nthano za madzulo zimene agogo amakamba zimagwira ntchito yomweyi, chifukwa zimazoloweretsa mwana kutsatira nkhani kuchokera pachiyambi mpaka pamathero.

Pamwamba pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene palibe njira ina yochilowera m'malo: buku m'manja mwa mwana. M'sukulu zina mabuku amakhala otsekeredwa mu kabati ya aphunzitsi aakulu poopa kuti angang'ambike kapena kusowa. Buku limene lang'ambika chifukwa chowerengedwa lagwira ntchito yake, pamene losungidwa bwino m'katoni limangodikira chiswe. Sukulu ingakhazikitse kaundula wobwereketsa mabuku, makolo n'kusainira, ndipo mabukuwo n'kukutidwa ndi mapepala olimba kuti apirire mvula.

Udindo wa makolo ndi mudzi

Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kuthandiza mwana wake. Lingamupatse mphindi khumi ndi zisanu dzuwa lisadalowe kuti aliwerengere mokweza, ndipo kenaka limufunse kuti nkhaniyo ikunena chiyani. Khutu la munthu wamkulu limazindikira mwana amene akudodoma ngakhale munthuyo asakuona malembo. Achimwene ndi achemwali a m'makalasi apamwamba angathe kukonza mawu olakwika. Zowerenga zili ponseponse: zolembedwa pamatumba a mbewu, zikwangwani za pamsika, mabuku a nyimbo a kutchalitchi, ndi mauthenga a pafoni.

Kujomba ndi mdani wamkulu wa kuwerenga m'makalasi oyambirira, chifukwa maphunziro ake amatsatana ngati makwerero. Mwana amene wajomba sabata ziwiri m'nyengo ya dzinja, kaya chifukwa cha mitsinje yodzaza, njala, malungo kapena ganyu, amapeza anzake atadutsa malembo angapo, ndipo mawu onse okhala ndi malembowo amamutsekekera. Apa ndi pamene mafumu, magulu a amayi oyang'anira ana pasukulu ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi ali ndi mphamvu. Angathe kulondola ana ojomba, kulimbikitsa phala la kusukulu kumene lilipo, ndi kuonetsetsa kuti zinamwali zikuchitika nthawi ya tchuthi. Midzi ina imasankha achinyamata omaliza Fomu 4 kuti azikumana ndi ana masana kawiri kapena katatu pasabata ndi kuwerenga nawo. Sukulu za mmera mpoyamba nazo zimakonzekeretsa ana mwa nyimbo, nthano ndi masewera a maliwu asadalowe Sitandade 1.

Udindo wa makomiti ndi khonsolo

Potsatira lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zimene zidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale kali m'manja mwa makhonsolo. Choncho zotsatira za kuwerenga ndi nkhani ya khonsolo monga mmene ilili nkhani ya mijigo ndi milatho.

Komiti yoyendetsa sukulu ingapemphe aphunzitsi aakulu kuti teremu iliyonse azipereka manambala atatu a kalasi iliyonse kuyambira Sitandade 1 mpaka 4: ana amene sadathe kuwerenga mawu ngakhale amodzi, mawu amene mwana wapakatikati akuwerenga pamphindi, ndi ana amene ayankha mafunso anayi mwa asanu. Manambalawa alembedwe mosiyanitsa anyamata ndi atsikana. Polemba ndondomeko yotukulira sukulu ndi kugawa ndalama zimene boma limatumiza kusukulu kudzera ku khonsolo, komiti iyang'ane manambala amenewa ndi kuikapo ndalama za mapepala, makadi, mabuku a nthano ndi zokutira mabuku.

Alangizi a maphunziro a m'zoni angathe kutsimikiza zotsatira posankha ana khumi mwachisawawa m'kaundula, osati amene mphunzitsi wawasankha, ndi kuwayeza ndi kankhani katsopano. Pamaphunziro a aphunzitsi ku malo ophunzitsirana a m'zoni, aphunzitsi angalembe pamodzi tinkhani toyezera tofanana kulemera kwake, kuti zotsatira za teremu ino ndi za teremu yamawa zithe kuyerekezedwa. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera a mafumu aakulu angaike nkhaniyi pamndandanda wa zokambirana zawo, ndipo makhansala angaifikitse ku komiti ya khonsolo yoona za maphunziro. Kumeneko zingathandize posankha sukulu zoyamba kutumizako aphunzitsi. Zingathandizenso kuthetsa chizolowezi choika aphunzitsi odziwa ntchito ku Sitandade 8 yokha pofuna mbiri pamayeso a MANEB, n'kusiya Sitandade 1 ndi 2 m'manja mwa aliyense amene watsala. Mwana amene akulephera mayeso a Sitandade 8 nthawi zambiri adayamba kutsalira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo.

Zoyenera kupewa

Kuyeza kumeneku kungathe kuwononga ngati kwagwiritsidwa ntchito molakwika. Mayina a ana ndi manambala awo asapachikidwe pakhoma kapena kulengezedwa pamzere wa m'mawa, popeza mwana amene wasekedwa chifukwa cha kuwerenga amadana ndi buku. Mwana ayerekezedwe ndi mmene iye mwini adaliri teremu yatha. Wochoka pa mawu 8 kufika pa 17 wayenda ulendo waukulu ngakhale mnzake ali pa 40, ndipo akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Ana asaphunzitsidwe kuthamanga ndi mawu pofuna kukweza nambala. Wowerenga mothamanga osapuma pa mpumiro ndi osamva nkhani sadapindule kanthu, ndipo n'chifukwa chake mafunso sayenera kusiyidwa poyeza. Zotsatira zisakhalenso chikwapu chokwapulira aphunzitsi. Mphunzitsi amene akuopa chilango amabisa ana otsalira kapena amawaloweza kankhani koyezera, ndipo khonsolo imalandira manambala okongola amene sakunena zoona. Mphunzitsi amene wanena poyera kuti ana 50 mwa 120 a m'kalasi mwake sakutha kuwerenga wapereka uthenga umene sukulu, makolo ndi khonsolo angayambirepo ntchito, ndipo ayenera kuthandizidwa.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi pasukulu ya m'dera lino ana a Sitandade 1 mpaka 4 adamvetseredwa liti komaliza akuwerenga mmodzimmodzi, ndipo zotsatira zake zili kuti?

2. Kodi mabuku a Chichewa amene sukulu idalandira ali m'manja mwa ana kapena mu kabati? Ngati ana saloledwa kupita nawo kunyumba, ndi dongosolo lotani limene makolo ndi aphunzitsi angagwirizane?

3. Ndi miyezi iti imene ana amajomba kwambiri m'dera lino, ndipo mafumu ndi magulu a amayi angachitepo chiyani miyeziyo isadafike?

4. Kodi m'dera lino muli ana amene kwawo salankhula Chichewa, ndipo akuthandizidwa motani m'kalasi?

5. Pa ndalama zotukulira sukulu za chaka chino, ndi zingati zimene zaikidwa pa zinthu zothandiza kuwerenga, ndipo komiti idzadziwa bwanji teremu yamawa kuti zathandiza?